Mphaka Wogona Kumiyendo kwa Mwana

Mphaka wa Eneles anayamba kudwala mwezi wa Juni, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, nyengo imene mphaka amafunika pakhomo kuposa mlamu. Dzina lake anali Nyali, chifukwa anabadwa chaka cha riferendamu, anthu akukangana za nyali ndi tambala. Tsopano matipate anali atakhazikika, aliyense atasanduka wageni, ndipo Nyali anali atakula: wamkazi, wotuwa ngati phulusa, wosadziwa kuba ndiwo. Makoswe a mudzi wonse wa kuseri kwa Chongoni ankadziwa kuti pakhomo pa Eneles sipodutsa.

M'mawa umenewo Eneles anamupeza pomwe ankagona masiku onse, kumiyendo kwa mwana wake Kristina, pansi pa bulangete. Kristina anali wa miyezi itatu. Kuzizira kwa kumapiri kuno si kwamasewera, ndiye Eneles ankangomuleka mphakayo kugona pamenepo, amvekere ndi mbaula yosafuna makala. Koma tsiku limeneli mbaulayo inayaka mopitirira. Atamugwira makutu anamva ngati wagwira chivundikiro cha poto wapamoto. Mphuno inali youma gwa. Atamuika pansi, Nyali anayenda pang'ono n'kukhala pakati pa nyumba atazolika mutu, osalira, osadzinyambita.

Eneles sanali munthu wothamangira kwa asing'anga chinthu asanachione bwinobwino. Sukulu anailekezera sitandade sikisi, koma maso ndi manja ankazikhulupirira. Anamutengera mphakayo padzuwa n'kuyamba kumufufuza ngati mmene amasankhira nyemba: pakati pa zala, m'khwapa, kukhosi, kunsi kwa mchira. Panalibe bala, panalibe munga, panalibe poluma njoka. Anazungulira kwa anansi kufunsa ngati wina watchera mankhwala a makoswe, onse anakana, komanso kukamwa kwa Nyali kunalibe thovu. Anamuswera dzira laliwisi. Anamusinjira makala n'kusungunula m'madzi. Anatenga ngakhale matemba amene ankasungira ndiwo zamadzulo n'kumuikira pamphuno. Nyali anangotembenuzira nkhope kukhoma.

Mwamuna wake, Zefaniya, anali atabwera dzulo lake kuchokera ku Lilongwe. Ntchito yake inali yopikula mbatatesi m'madimba, kuikweza palole pamsewu waukulu, n'kukaigulitsa kumsika wa mumzinda, ndipo ankagona komweko mpaka matumba atatha. Pamudzipo anali mkamwini, wobwera ndi njinga ndi bulangete basi, koma wokondedwa chifukwa cha nthabwala. Atamuona mkazi wake akuvutika ndi mphaka, anati amusiye, mwina wadya khoswe wa chipani china, achira akasanza.

Amene sanaseke ndi a Magadalena, mayi ake a Eneles, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda waudzu. Anadikira kuti mkamwini wawo achoke, kenaka anamuitana mwana wawo n'kumufunsa funso limodzi lokha: akamwiniwo atafika dzulo, anayamba kugwira ndani? Eneles anakumbukira. Zefaniya atangoimika njinga, Nyali anathamanga n'kukadzikhula m'miyendo mwake, iye n'kumunyamula, kumukhazika pachifuwa. Mwana anali mtulo, ndipo bambo ake anangomusuzumira osamukhudza.

A Magadalena anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo Eneles anadziwa kumene nkhani ikulowera. Kristina anali asanatengedwe. Mwambo wa kuno umati mwana akabadwa amakhala wozizira, ndipo makolo ake amadika, osakhalira limodzi pamphasa, mpaka tsiku limene anamkungwi adzanene kuti mutengeni mwanayu. Pa nthawi yodikayo bambo akakagona ndi mkazi wina, amabwera wotentha, ndipo motowo umadula mwana. Ndilo tsempho. Mwana amatupa masaya ndi mapazi, amabanika, kenaka amapita.

"Nkhuku imafa m'malo mwa mwini wake," anatero a Magadalena. "Mphaka wogona bulangete limodzi ndi mwana angalephere bwanji?"

Eneles anayankha kuti mphaka ndi mphaka, amadwala ngati mmene imadwalira mbuzi. Mayi akewo sanatsutse. Anangoti akaona kutupa awaitane, n'kubwerera kukasankha therere lawo.

Mawu amenewa ndi amene anamutuma Eneles kugolosale. Ankawadziwa mayi ake. Nkhani yotere ikagona masiku awiri m'kamwa mwawo imamera mizu, imafika kwa anamkungwi, kwa ankhoswe, mpaka kumjigo. Anaona kuti njira yotseka pakamwa ndi kutsitsa kutentha thupiko msanga. Anagula panado. Anawerengera mwa nzeru zake kuti wamkulu amamwa awiri, mwana amamubenthulira, ndiye mphaka, yemwe kulemera kwake n'chimodzimodzi khanda, theka limukwana. Anaphwanya thekalo m'supuni, n'kumukulunga Nyali m'chitenje kuti asamukande, n'kumuthira m'kamwa. Madzulo anachitanso chimodzimodzi, ndipo m'mawa mwake anabwereza, poti makutu ankaoneka kuti ayamba kuzizirirako.

Dzuwa litafika pamutu anapita kukamuona kukhitchini, kumene anamugoneka pachiguduli pafupi ndi mafuwa. Anaima pakhomo osalowa. Nkhope ya Nyali inali itatupa ngati mkate wofufuma, maso atatsala timing'alu, ndevu zitaloza uku ndi uku. Timapazi takutsogolo tinali titafufuma ngati mandasi. Ankapuma atayasama, wefuwefu, dovu likuchucha.

Eneles anamuvundikira ndi dengu, iye n'kukakhala pakhonde kuyamba kusenda mbatatesi zimene panalibe amene anazipempha. Koma khitchini ya mwana wamkazi ilibe chitseko kwa mayi ake. A Magadalena anabwera kudzapala moto, n'kumva kupumako, n'kuvundukula dengu.

Sanakuwe, ndipo kusakuwako n'kumene kunamuopsa Eneles. Anatuluka, anaika phale la moto pansi, anamumasula Kristina kumsana kwa amake n'kumugoneka pamiyendo pawo. Anadina tsaya ndi chala chachikulu, n'kuyang'ana ngati patsala chibowo. Anadina lina. Anadina pamwamba pa timapazi tonse tiwiri. Mwanayo anangoseka n'kumenya miyendo m'mwamba. A Magadalena anati sichinafike, mphakayo akadali kuchisenza. Koma mphaka si munthu, sangasenze katundu wotere mpaka kalekale, ndipo akadzatula pansi katunduyo adzafuna mutu wina. Mankhwala alipo, anatero, anamkungwi amawadziwa, koma sagwira ntchito ngati wolakwayo sanaulule ndi pakamwa pake.

Eneles anamupeza Zefaniya kuseri kwa nyumba akukonza njinga. Sanazungulire. Anamuuza zimene amayi akuganiza, n'kumufunsa ngati pali choti anene. Zefaniya anaseka, amvekere ku Lilongwe amagona pamwamba pa matumba ngati khoswe, mkazi wanji angamufune munthu wonunkha dothi. Analumbira pali malemu bambo ake. Koma kusekako kunali kwakufupi, ndipo nthawi yonseyi ankapopa tayala lomwe linali lolimba kale.

Eneles anagona ndi zinthu ziwiri mumtima, za mphaka ndi za mwamuna wake, ndipo kutacha anasankha chimene akanatha kuchigwira ndi manja. Kutsidya kwa dambo, kupitirira nkhalango ya paini, kunali dibi la ng'ombe, ndipo pafupi pake pankakhala alangizi a ziweto, a Bartholomew. Anaika Nyali m'dengu, anaphimba ndi chitenje, anasenza pamutu, Kristina kumsana. Mayi ake anati akungotaya nthawi, chizungu sichidziwa tsempho, ndipo asayerekeze kugundanitsa dengulo ndi mwana. Zefaniya anati amuperekeze panjinga, iye anakana.

Nkhungu inali isanachoke. Mitengo ya paini inkadontha madzi ngati kwagwa mvula, ndipo njira inali yoterera ndi masamba ake onga singano. Amayi otola nkhuni atamufunsa chimene wasenza, anawauza zoona, iwo n'kufa nacho chiseko. Wina anati matipate afikadi, amphaka ayamba kupita kusikelo, mawa tiona makoswe akukabayitsa katemera. Eneles anaseka nawo pang'ono kuti adutse. Pamutu pake dengu linkanjenjemera ndi kupuma kwa mphaka, ndipo kumsana ankamva kupuma kwa mwana, ndiye ankangoyenda akumvetsera kupuma kuwiriko, kuopa kuti kwina kungayambe kufanana ndi kunzake.

Dibi linali litauma kalekale, pansi patatsala madzi obiriwira ndi achule. A Bartholomew anali pakhonde akusoka nsapato, bambo wamtali wa imvi za m'mbali. Atamva kuti wabwera ndi mphaka anati iwo anaphunzira za ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, za amphaka anangodutsamo ngati mlendo. Komabe anavundukula dengu. Anayang'ana nkhope yotupayo, anakanula kukamwa, n'kumuitana Eneles kuti aone. Nkhama za Nyali, zomwe zinkakhala zofiira, zinali zitada ngati fodya wochiza ndi utsi.

"Mayi, mwamumwetsa chiyani?"

Eneles anatchula dzira, makala, kenaka panado. A Bartholomew anaphimbanso dengulo mwaulemu ngati akufunditsa munthu. Anamuuza kuti mapiritsi amenewo ndi abwino kwa anthu, koma kwa mphaka ndi poizoni, amaononga magazi, ndipo kutupa nkhope ndi mapazi n'chizindikiro chake. Anaziona kale kwa mphunzitsi wina amene anachita zomwezo. Theka limodzi likanakwana kumupha, ndiye katatu n'kosabwezeka. Eneles anafunsa za kutentha thupi koyamba kuja, asanamupatse kalikonse. Bamboyo anatambasula manja. Anati kaya, mphaka amadya zambiri ndipo amayenda kumene ife sitifikako, mwina akanachira yekha, mwina ayi, iwo sangadziwe.

Nyali anafera m'njira, m'nkhalango muja. Eneles anazindikira chifukwa dengu linaleka kunjenjemera. Anapatuka, anakumba ndi kamtengo pansi pofewa, anamukwirira, n'kusanjikapo miyala kuti agalu asafukule. Chisoni chinalipo, pakuti anamupha ndi supuni yake yomwe. Koma pansi pa chisonicho panali kupepukidwa kumene sakanakubisa. Kutupa kuja kunali kwa mapiritsi. Palibe chimene chinkafuna mutu wa Kristina, ndipo mwamuna wake ankamuganizira pachabe. Potsika phiri ankakonza kale mawu okawauza amayi, ndi ena, ofewerapo, okamuuza Zefaniya.

Atatulukira pakhomo anaona kuti zinthu sizili mmene anazisiyira. Zefaniya anali atakhala pansi penipeni, padothi, atatsamira mpanda, chipewa chili m'manja. Kuseri kwa mpandawo, msana kulozana ndi msana, kunali a Magadalena, chifukwa mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso. Anali atalankhulana kudzera m'udzu, ndipo zinkaoneka kuti kulankhulanako kwatha.

A Magadalena ndiwo anadzuka kudzamulandira dengu. Ataona kuti mulibe kanthu analiika pansi. Nkhope yawo inali yomasuka, ngati ya munthu amene watula mtolo. Anamuuza kuti asadandaulenso, akamwini aulula. Iwo sanawakalipire ayi, anangowafotokozera bwinobwino mmene mwana wa tsempho amafera, kuyambira masaya mpaka kubanika komaliza, n'kuwakumbutsa kuti mphakayo sadutsa lero. Akamwiniwo analira. Pali mayi wina wophika tiyi pafupi ndi pomwe malole amatsitsira katundu. Tsopano zonse zapepuka: anamkungwi akakumba mankhwala, bambo amumwetsa mwana ndi dzanja lake, ndipo mawa lomweli awiriwo alowe kumphasa amutenge mwanayo, alimbe, nkhani ithe. Mwamuna ndi mwamuna, anatero, chachikulu waulula nthawi ikadalipo.

Eneles anaima pakati pa bwalo, nkhata ikadali pamutu. Mawu amene anawakonza m'njira anali pakamwa: si tsempho, ndi panado, ndine ndamupha. Anawameza. Anaona kuti alibenso ntchito, ngati mbewu yobwera mvula itatha. Mayi ake atafunsa kuti nanga adokotala a ng'ombe aja anati chiyani, anayankha kuti za kutentha thupi kuja sakudziwa chimene chinayambitsa. Sananame, ndipo a Magadalena anagwedeza mutu mokhutira.

Koma Eneles maganizo ake sanali pa tsempho. Anali pa maliro. Chaka chimenecho manda a pamudzipo ankakumbidwa pafupipafupi, ndipo ogonamo sanali okalamba. Panali msuweni wake amene mwamuna wake ankayenda ndi malole a ku Mozambique: anayamba kumwalira mwamunayo, kenaka khanda, kenaka mayi. Anthu anati ndi tsempho, ena anati ufiti, koma kusikelo anamwino ankatchula dzina lake poyera, Edzi, n'kunena kuti imachoka kwa bambo kupita kwa mayi, kwa mayi kupita kwa mwana, m'mimba kapena m'bere. Mankhwala amene mayi ake ankakonza anali oti mawa iye agone ndi munthu wochokera kwa mayi wa tiyi uja, pofuna kuteteza mwana.

"Kumphasa sindipita," anatero.

A Magadalena anaganiza kuti ndi mkwiyo chabe, ndipo anamuuza kuti akwiye lero, mawa achite za mwana. Ataona kuti sakusintha, mawu awo anatsika. Anamukumbutsa kuti mwana wosatengedwa ndi dzira, aliyense wotentha akangomunyamula wamudula, ndipo iye sangamubise kwa mudzi wonse. Anati iwo anaika ana awiri m'manda asanabereke iyeyo, akudziwa chimene akunena. Eneles anawayang'ana n'kuona kuti mantha awo ndi enieni, ofanana ndi ake, kungoti aloza kwina. Anayankha kuti amva, koma mwanayo akhala kumsana kwake, ndipo wofuna kumunyamula ayambe wapempha.

Kenaka anapita pamene panali Zefaniya. Sanakhale. Mwamunayo anayamba kupepesa, kunena za kuzizira kwa m'misika, za anzake amene anamukokera, za mmene anaopera kuti mwana angafe chifukwa cha iye. Eneles anamudula. Panali chinthu chimodzi chimene ankafuna kudziwa, ndipo si dzina la mkaziyo.

"Abambo a Kristina, munayamba liti?"

Zefaniya anati nanga zimenezo zithandiza chiyani, zatha, sadzabwererakonso. Eneles anafunsanso, mawu omwewo, mosakweza. Mwamunayo anapinda chipewa, anachitambasula, anayang'ana njinga yake. Kenaka anati inali nthawi ya mbatatesi ya chaka chatha, ulendo wake woyamba wa palole.

Eneles sanafunike pensulo. Nthawi ya mbatatesi ya chaka chatha mimba ya Kristina inali isanaoneke n'komwe. Ankagona mphasa imodzi ndi mwamunayo, ndipo anapitiriza kutero miyezi yambiri pambuyo pake. Chimene ankati achitsekere pakhomo mawa mwina chinalowa kalekale, chili phee m'magazi, osatupitsa tsaya, osatenthetsa khutu.

Anamuuza Zefaniya kuti atenge bulangete lake akagone kwa abale ake ku Kasina. Anati amva kuti kuchipatala cha ku Boma amatha kuyeza magazi, kaya n'zoona kaya ayi, koma Lolemba akumane pachipata akafunse onse awiri, ndipo zotsalazo adzakamba akadzamva. Zefaniya anafuna kutsutsa, koma mkamwini alibe pogwira mwini nyumba akalankhula. Anayang'ana kumpanda kuti mwina apongozi amuthandiza. Koma apongoziwo anali atabwerera kuseri kwake, akusankha therere lawo.

Nthawi yomweyo Kristina anadzuka. Anayamba ndi kudzinyolola, kenaka kufunafuna ndi kamwa pamsana pa amake, kenaka kulira kwa njala, pakuti chiyamwire kudibi kuja anali asanayamwenso. Eneles anamumasula n'kukhala pakhonde. Mabere anali atadzaza mpaka kuwawa, mkaka utanyowetsa kale bulauzi. Anamugoneka mwanayo pamkono, dzanja lina lili pabatani, osamasula.

"Iwe, muyamwitse mwanayo," anatero a Magadalena kuseri kwa mpanda. "Ukufuna akomoke?"

Eneles anayendetsa maso m'nyumba monse kudzera pakhomo: thumba la ufa, botolo la mchere, nyemba m'chitini. Munalibe chimene khanda la miyezi itatu lingadye. Mwanayo anali atafiira, timanja tikukanda nsalu. Zefaniya anali akukankha njinga kutuluka pabwalo, bulangete atamanga pakaliyala, ndipo sanacheuke. Eneles anamasula batani. Kulira kunaduka pomwepo, n'kutsala phokoso la kumeza, lofulumira, losakayika, ndipo iye anakhala tsonga akumvetsera mmene mkakawo ukutsikira.